Mkamwini wa M'chigoba

Wilibalayo sinathyoke yokha. Anaithyola ndi mwini wake, mayi wogulitsa makala, ndi nyundo, kuti apeze poyambira kulowa m'shedi ya owotcherera osaoneka ngati wabwerera ndewu. Nzeru zake zinathera pamenepo.

Chomwe chinamubweretsa ndi mwana wake wamkazi. Mtsikanayo ankachoka m'mawa uliwonse ati kukaphunzira kusoka, koma chiyambire sanabwereko ngakhale ndi kansalu kopukutira mphuno. Ankafika madzulo akununkha utsi, maso ali psuu, bulauzi ili timabowotimabowo ngati wakhala pafupi ndi munthu wosuta. Mayi wa nyumba yoyandikana, uja pakamwa pake sipatsekeka, anati amamuona akulowa m'shedi muno. Mayi wamakalayu sukulu anailawa pang'ono, koma mwana akamalowa malo a amuna kenako n'kuyamba kuimba posamba, zimenezo sizifuna sukulu.

Mwini shedi, bambo wachikulire, anali kudula mgolo ndi moto wa gasi. Anali ataudzaza madzi, ati mgolo umene munali mafuta ukaudula wouma umakuphulikira kumaso. Mayi anati sanabwere kudzaphunzira za migolo. Bamboyo atatchula mtengo, mayi anaudula pakati, n'kuwonjezera kuti wilibala si ndege. Bamboyo anati payenera kupalidwa kaye dzimbiri, chifukwa chitsulo chadzimbiri sichigwirana. Mayi anati dzimbirilo atenge ulere. Anagwirizana bamboyo atatopa.

Kuti wolakwa n'kukhala mkuluyu, ayi: mano anatsala owerengeka. Kunatsala wantchito mmodzi pakona, wa ovolosi, magolovesi ndi chigoba chakumaso, amene anaikoka wilibala osapereka ngakhale moni. Wantchitoyo atawerama, mayi anaona mpango wamaluwa ofiira uli m'khosi mwake, woteteza ku moto wothetheka. Mpango umenewo anamugulira yekha mwana wake, atakangana ndi wogulitsa mpaka anthu kusonkhana. Mtsikana akapereka mpango kwa mwamuna ndiye kuti zinazo zinapita kale.

Mwini shedi anamuchenjeza kuti asayang'ane moto wowotcherera, apo ayi agona maso ali ngati athiridwa mchenga. Mayi anati anayang'anapo zoipa kuposa pamenepo, kuphatikizapo mwamuna wake. Anayang'ana. Kwa kanthawi shedi yonse inasanduka madonthomadontho, ndipo anayamba kuonera cham'mbali ngati nkhuku.

Anabwera kudzapotokola makutu a munthu, koma manja a wantchitoyo anamusokoneza. Iye anapala mbali zonse za mwendo wothyoka wa wilibalayo mpaka kuwala, n'kuzipana. Sanathamangire kuwotcherera. Anangodonthezera uku ndi uku kuti zigwirane, n'kuona ngati mwendo waongoka, kenako n'kuyendetsa msoko pang'onopang'ono, dzanja osanjenjemera. Atagogoda nkhanambo yakuda ya pamwamba, pansi pake panatuluka msoko wosalala ngati mamba a nsomba. Mayi anatenga chidebe kuti athire madzi zizizire msanga, makala akumudikira. Mwini shedi anamulanda, ati madzi amauumitsa msoko n'kudzathyoka ngati bisiketi. Msoko utazizira wokha, mayi anauponda mwendowo ndi thupi lake lonse, ndipo thupi lake si lamasewera. Sunagwedezeke.

Apa mkwiyo unayamba kuchita malonda. Munthu wosalongolola, wamanja okhazikika chonchi, ndiye kuti samwa. Wamfupi, inde, koma kutalika sadya. Mwamuna wake ndi wamtali ngati mlongoti, koma chitseko chakubafa chakhala chomangidwa ndi waya kuyambira ali ndi mimba ya mwana yemweyu. Katundu wabwino ukamupeza pamsika sumusiyira anzako.

Wantchitoyo atayamba mwendo wachiwiri, umene nyundo ija inaulasanso mosafuna, mayi anaima pambali pake, manja m'chiuno. Mwini shedi anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, mayi anamuuza kuti abwerere ku mgolo wake, izi n'zapabanja.

"Iwe, mpango uli m'khosiwo ndinagula ndine," anatero. "Sindikufunsa kuti mwafika pati, ndine wamkulu. Ubwere kunyumba ndi akwanu mwezi usanathe. Geti langa uwotcherere ulere, chitseko chakubafanso."

Wantchitoyo anangopitiriza msoko wake, moto ukuthetheka. Mwini shedi ananena chapansipansi kuti wowotcherera sayankha ali pakati pa msoko, akalekeza pamatsala bowo. Mayi anaona ngati mnyamatayo akukweza mtengo, ndipo anachita zimene amachita ndi kasitomala wovuta: kunena yekha zilema za katundu asanazipeze.

"Ndisakunamize, mwana wangayo kuphika saphika. Tulo ngati chipika. Manja ake sadziwa kugwira ntchito iliyonse, anatengera bambo ake. Ndiye pokhala naye udzapirire, manja ako akwanira nonse awiri. Koma wogula kale sabweza."

Msoko unafika kumapeto, moto unazima. Wantchitoyo anaika pansi chogwirira, n'kukankhira chigoba pamutu.

"Ndamva, amayi," anatero mwana wake wamkazi, thukuta lili chuchuchu. "Geti ndiliona Loweruka. Koma tasunthani, mwaponda chingwe changa."