Chiwindi cha Anyamata a kwa Vermeulen

Mayi Claeys anachita dala kumukhazika Korneel pa tebulo la pakona, pafupi ndi khomo la kukhitchini, kuti alendo olemekezeka asamuone. Unali ukwati wa mwana wawo Fien, mu holo ya tchalitchi mumzinda wa Ghent, ndipo sanafune kuti Korneelyo, mkulu wake wa mkwati, awaipitsire zithunzi.

Nkhani anaimvera ku saluni: mwa anyamata awiri a kwa Vermeulen, mkwatiyo ndi mkulu wakeyo, wina anapsereza chiwindi ndi mowa, mbale wake n'kulola kung'ambidwa pamimba kuti amugawireko chake. Mayi Claeys sanafunse kuti ndani anali ndani. Afunsirenji zoonekeratu? Mkamwini wawo Wannes anali chibambo chojintcha, masaya ofiira, chovina ngati chilibe mafupa. Korneel anali wowonda ngati bango, maso achikasu, jekete ili khwepekhwepe. Akati aimirire ankayamba wagwira pamimba ngati nkhalamba. Ntchito ya kudoko anasiya kalekale. Ati sangathe kunyamula zolemera, ati ndulu imamuvutitsa, chaka sichitha osagonekedwa m'chipatala. Mayi Claeys ankati zimenezo n'zomuyenera. Chinkawawawa ndi chiwindi chabwinobwino chimene madokotala anachitayira mwa munthu woteroyo.

Nthawi itakwana yokweza matambula kufunira akwati zabwino, anaona Korneel akukweza tambula ya madzi. Mtima unawatentha. Anadutsa pakati pa matebulo n'kukaima pambali pake, akumwetulira kuti wojambula asadziwe kanthu.

Anamuuza chapansipansi kuti madziwo wawayamba mochedwa, ndi kuti anthu ena anangobadwira kudyera abale awo masuku pamutu.

"Mng'ono wanu anakupatsani theka la moyo wake," anatero. "Inu mwachita nalo chiyani? Kudzakhala ngati mtembo paukwati wake basi?"

Korneel sanakwiye. Anaika tambula pa tebulo, n'kuwayang'ana mayiwo monga mmene munthu amayang'anira mwana amene wavala nsapato mopemphanitsa. Kenaka anatembenukira kwa Wannes, yemwe apo n'kuti akugugudiza botolo anzake akumuwombera m'manja.

"Ndiye kuti Fien sanakuuzeni," anatero mofatsa. "Wogawayo ndinali ine, mayi. Chiwindi akuchithira mowa apocho ndi changa."