Telala Wamanzere

"Takweza wailesiyo, azakhali ako aphungu aja akuyankhula ku Nyumba ya Malamulo," anatero mwamuna wa telala kwa mkazi wakeyo, uku akusita malaya a kasitomala m'shopu mwawo.

Azakhaliwo anali pa nkhani ya nkhanza za m'banja.

"Ndikudziwa mtsikana wina, telala wamanzere, amene amasoka atavala magalasi akuda pobisa diso lotupa. Anandiuza akulira kuti akusamutsira zovala zake kwa mnzake mwakachetechete, akufuna kuthawa."

Aphungu anzawo anaomba m'manja. M'shopumo makina anaima. Mwamuna uja anaika simbi pansi, maso ali pa sizasi imene inali m'dzanja lamanzere la mkazi wake.

Posakhalitsa foni ya telala inalira. Anali azakhali.

"Wandimva, mwanawe? Usadandaule, dzina lako sindinatchule."