Kangaude ndi Galimoto Yopanda Chingwe

Padangokhala Kangaude ndi Gulo, chaka chomwe zitsime zonse zinaphwa. Nyama zinawatuma kukatunga madzi kudambo lakutali pa galimoto zamagetsi, koma awiriwa anayamba kukangana.

"Moto wamagetsi umayenda m'chingwe basi, achimwene," anatero Kangaude. "Ine ndinabadwa ndi ulusi, ndikudziwa."

Gulo, yemwe amapeza nyonga pongogona pamwala wotentha, anangogwedeza mutu. Anakwirira mbale zamagetsi pansi pa msewu, nati, "Tiyeni tione amene afikitse madzi ana asanakomoke ndi ludzu."

Ananyamuka, natunga madziwo. Pobwerera, galimoto ya Kangaude inatha moto pakati pa thengo, pomwe panalibe polumikiza chingwe. Ya Gulo inkamwa moto kuchokera m'mbale zokwiriridwa zija uku ikuyenda. Inakwera chitunda osaima, mpaka ana onse anamwa.

Gulo anabwerera kukatenga mnzake. Kangaude anakwawira kunsi kwa galimoto ya Gulo, napapasa ndi miyendo yake yonse. Sanapeze ulusi ngakhale umodzi, koma ubweya wa m'miyendo yake unaima wokha.

"Abale inu! A Gulo," ananong'ona Kangaude, "pano pali chinthu. Ndikuchimva ndithu, koma sindingathe kuchigwira."