Chipinda Choyang'ana kwa Omanga

"Chipinda chimenecho ayi bambo, kumbuyoko akumanga," anatero mtsikana wolandira alendo pahotela ya ku Muldersdrift. "Tengani choyang'ana kudamu."

"Ndikufuna chomwecho," anayankha Joram, mwamuna wanga amene tinali titangokwatirana dzulo lake.

Pabedi panali fumbi la simenti lokhalokha. Fungo la chimbudzi cha omanga linkalowa ngakhale zenera linali lotseka.

Joram analitsegula, n'kuimba likhweru. Anzake amene ankaponda nawo matope chaka chatha anasiya mawilibala, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Mainesi, tabwera akuone!"

Anandikokera pazenera, zipi ya diresi ili yotsegula kumsana, n'kunditembenuza ngati mbuzi pamsika.

"Eish, katundu ameneyo, mfana!" anakuwa wina pansipo.

Joram ankangoseka, maso ali kwa iwo.