Ana Ndi a Kuchikazi

"Mkazi wanu Olipa anamwalila, aDaka, pepani. Koma mwambo mukuudziwa. Ana ndi a kuchikazi, apita kwa malume wao."

Fabian Daka anangoti, "Zikomo, bambo," ngati kuti woweluza wa khoti la ku Petauke wamupatsa mphatso. Ana ake awili anakwezedwa mu lole ya thonje yopita ku Sandwe. Iye sanalile. Pamsika anyamata a chipani anamufunsa khadi, anawaonetsa, n'kukwela njinga.

Atafika kwao ku Kaumbwe anapeza mlamu wake Abraham atakhala pa chitsa, chipewa chili m'manja. Mkazi wa Abraham, yemwe anali mlongo wake wa Fabian, anamwalila nthawi yokolola, ndipo kuyambila pamenepo mwana wao Jennipher ankakhala kwa Fabian.

"Alamu, ndabwela kudzapempha mwana wanga," anatelo Abraham. "M'nyumba mwazizila. Inunso mukudziwa mmene zimawawila."

Fabian anayang'ana kamtsikanako, kali kuswa nsawa pakhomo. Anatsamiza njinga ku nkhokwe.

"Mkazi wanu anamwalila, alamu, pepani," anatelo. "Koma mwambo mukuudziwa."