Mankhwala Opereka ndi Msana

Kamtsikana kankakuwa kumbuyo kwake, koma mayi maso anali pakhoma la kukhitchini, ngati wina walembapo komwe kunathawira mwamuna wake.

Mlangizi wa ana anali atamuuza kuti, "Akakuwa, musacheuke. Akakugwirani mkono mwaulemu, tembenukani pompo, mum'kumbatire." Kunena n'kosavuta. Mlangiziyo madzulo amakapuma kwawo.

Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo. "Amake mwana, makutu munabwereketsa? Mwanayu ang'ambikatu kukhosi."

"Ndi mankhwala amenewa, mayi."

"Mankhwala opereka ndi msana? Chibadwire sindinawaone." Anachoka akupukusa mutu.

Mayi wa mwanayo analuma mlomo, n'kutsitsa mkono kuti kamwanako kaufikire. Linali tsiku lachinayi, ndipo kanali kasanaugwirepo.

Phokoso linatha. Anadikira, mkono uli lende mpaka unachita dzanzi. Palibe anaugwira.

Atacheuka, anapeza mwana wake waima pakona, wam'fulatira, maso pakhoma, kamlomo atakaluma ngati amake.

Mayiyo anagwada kumbuyo kwake. Anam'gwira kamkono pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kudikira kuti amutembenukire.