Kapepala kakuda m'chipangizo cha Dixon

"Ndiye mpweyawo ukaphulika, tithawira khomo liti?" anafunsa agogo aNachisale, maso ali pa kabotolo kachitsulo.

Dixon anangoseka. Agogo akewa ndiwo anamulera muno mu Gaborone, ndipo machenjezo sankawathera m'kamwa. Kombi yothamanga osakwera, madzi a mufiriji osamwa, munthu wokusekerera kwambiri umuthawe. Tsikuli anamulondola mpaka ku chionetsero cha zamalonda ku Fairgrounds, ati mwana asakafe yekha.

Patebulo panali chipangizo chimene Dixon anakonza kuwekishopu ya ku Gaborone West, timbale tachitsulo tomangidwa pamodzi ndi mabawuti. Chinkapanga magetsi kuchokera ku mpweya wa haidirojeni n'kumazungulitsa kafani. Bwana wina wa kampani ya ku Joni anali atalonjeza kuti akachiona chikugwira ntchito, Dixon amutenga akamulembe ntchito komweko. Mnyamatayo anali atagula kale sutikesi ku Main Mall.

"Agogo, palibe chophulika apa," anatero. "Pakati pa timbaleti pali kapepala kakuda kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Mpweya umadutsa mmenemo. Ukamangitsa mabawutiwa, timabowo timaphwanyika, mpweya sudutsanso, kafani kamaima. Akakhwepanso, mpweya umathawira m'mbali."

"Umathawira m'mbali?" Agogo anagwira pamtima. "Mayo ine, amunanga, tipsa lero!"

Dixon anapukusa mutu. Pa zonse zija, nkhalamba yamva mawu omaliza okha. Anatseka mpweya, n'kunena kuti akukachingamira bwana uja kugeti.

"Musagwire chilichonse, agogo."

"Ndigwire ine? Zamoto zimenezi? Pita, koma uziyang'ana magalimoto."

Zinthu za mpweya si zosiyira munthu wamantha, ngakhale kwa kanthawi. Anthu samva.

Dixon anabwera ndi bwanayo, bambo wamtali wa tayi yofiira amene ankangoyang'ana wotchi. Agogo anam'patsa moni wa "dumela rra" atapinda bondo. Dixon anatsegula mpweya monyadira. Kafani kanagwedezeka, kanazungulira mwaulesi ngati kakudwala malungo, kenako zii.

Dixon anayang'ana mawaya, ali bwinobwino. Botolo, lodzaza. Anagwira bawuti imodzi. Inali gwa! Inzake chimodzimodzi. Sipanala imene anaisiya m'bokosi inali pampando, pambali pa chitenje cha agogo.

Anamasula msangamsanga, koma kapepala kakuda kanatuluka kataphwatalala, m'mbali mutang'aluka. Kapepala kameneka kakaphwanyika sikabwereranso, ndipo kena kotere munthu sukakapeza m'sitolo ya mu Gaborone. Bwana uja anam'sisita paphewa, nati mwina chaka chamawa, ulendo.

Dixon anakhala pansi ali wokwiya. Koma atacheuka anaona agogo atazyolika, manja ali pamiyendo, zala zili bii ndi girisi. Mtima unagwa. Munthu wosapita kusukulu, wamva kuti mpweya uthawa, akanatani? Kunyumba amamangitsa mpopi mpaka kuthyola. Ankangofuna kupulumutsa mdzukulu wawo kumoto.

"Musadandaule, agogo," anatero akulongedza. "Wolakwa ndine. Ndinafotokoza mothamanga, simunamvetse."

Agogo anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye ku Joni kuja kwakanika?"

"Kwakanika, agogo."

"Kwakanikiratu?"

"Kwakanikiratu."

Agogo anapuma mpweya wautali, napukuta girisi ku chitenje, nkhope ikuwala.

"Zikomo Ambuye. Bambo ako anati akupita ku Joni miyezi ingapo, mpaka lero sitinaone ngakhale manda awo. Mtima unali phaphapha, amunanga. Ndimaopa kuti ndi manja okalambawa, timabowo tako tija sindinatiphwanye tonse."